Mmene Adada Walter Anabwerera pa Chiwongolero

Ntchito yanga yoyamba ku America inali yotsuka mbale. Kwathu ku Mwazisi anthu ankauzana kuti ndapita kukayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu, poti ntchito imene ankandidziwa nayo inali ya udalaivala. Kwa zaka zambiri ndinkanyamula alendo kuchokera pa boma pa Rumphi kukawatula ku Chelinda, pamwamba pa mapiri a Nyika, m'matope ndi m'fumbi momwe. Koma nditafika kumeneko anandipatsa epuloni ya pulasitiki ndi jombo, n'kundiimika kutsogolo kwa makina amene ankameza mbale zakuda mbali ino n'kuzilavula zoyera, zotentha, mbali inayo. Ndinangoima kukamwa kuli yasa mpaka kapitawo anachita kundigwedeza phewa.

Amene anandikonzera njira ndi msuweni wanga Gondwe. Iye anapita kalekale kukaphunzira, sukulu inamukanika pakati, n'kungokhazikika komweko. Tsiku lonyamuka, mkazi wanga NyaMsiska anandiperekeza mpaka pa depoti, mwana wathu wamng'ono Tiyezge ali kumsana. Sanalire. Anangondiuza kuti, "Kukazizira musakachite manyazi, mukavale ziwiriziwiri." Basi itawoloka mlatho wa Njakwa, amene anapukuta m'maso ndi ine.

Tauni imene ndinakafikira inali ya koleji. Sindikutanthauza kuti m'tauniyo munali koleji ayi, kolejiyo ndi imene inali tauni. Ometa tsitsi, ogulitsa zakudya, oyendetsa mabasi, ngakhale apolisi, onse ankadyera ana asukulu. Sukulu ikatsekera, misewu inkangoti zii ngati munda wa fodya atatha kuthyola. Anawo pochoka ankataya m'mbali mwa msewu matilesi, mipando, mafiriji oti akugwirabe ntchito. Gondwe ankati imeneyo ndi nyengo yathu yokolola. Chilichonse chimene chinali m'nyumba mwathu tinachitola choncho.

Nyumbayo inali zipinda zapansi pa nthaka, mawindo ake ang'onoang'ono oyang'ana mapazi a anthu odutsa. Tinkakhalamo ine, Gondwe, ndi bambo wina wa ku Congo, Papa Didier, amene ankaimba nyimbo za tchalitchi posamba mpaka madzi otentha kutha. Chisanu ndinkachidziwa, poti ku Chelinda udzu umayera mmawa m'miyezi yozizira. Koma tsiku limene chipale chofewa chinagwa koyamba, ndinatuluka panja ndili ndi patapata. Chinkatsika mwakachetechete, chopanda phokoso la mvula, chopanda fungo la dothi. Magalimoto, mitengo, mabini a zinyalala, zonse zinasanduka zoyera, ndipo tauni yonse inamveka ngati yatsekeredwa m'bulangete. Ndinaima pomwepo mpaka zala zakumapazi zinasiya kumva. Mawa lake ndinadzuka ndi chifuwa choopsa. Papa Didier anakagwira ntchito yake, kenako n'kukagwiranso yanga, kuti dzina langa lisafufutidwe. Sanafune ndi zikomo yemwe. Anangoti, "Kuno m'bale wako ndi amene mwagona naye denga limodzi."

Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kunyumba. NyaMsiska sankalemba zambiri, ankangotumiza zithunzi pa foni. Lero malata atsopano padenga, tsiku lina ana atavala yunifolomu, kenako ka shedi ka njerwa kamene anati mudzakhala chigayo. Ndinkaonera zithunzizo nthawi yopuma, manja atatuwa ndi sopo.

Patapita nthawi ndinapeza laisensi ya kumeneko. Kuzolowera kuyenda mbali ya kumanja kwa msewu kunandivuta kuposa mayeso enieniwo. Apo Gondwe anandilumikiza ndi ntchito ina, yosamalira bambo wina wokalamba kunyumba kwawo ndi kuwayendetsa pa galimoto yawo. Dzina lawo anali a Walter, ndipo anaphunzitsa za miyala pakolejipo mpaka kupuma ntchito. Anandiuza kuti ndiziwatchula dzina lokha, Walter basi. Ndinayesa, lilime linakana. Munthu wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa bambo anga ondibereka, ine n'kumamuitana ngati mnzanga wa kubusa? Ndinawatcha Adada Walter. Atamva tanthauzo lake anaseka, n'kuvomera.

"Kwanu ndi kuti?" anandifunsa tsiku loyambalo.

"Ku Malawi, Adada. Kumpoto, ku Rumphi."

Ndinkaganiza kuti angogwedeza mutu ngati mmene ankachitira ena onse. Koma anatsegula kabati, n'kuyala mapu patebulo, chala chawo n'kupita molunjika panyanja yathu.

"Unatsikako phiri ili popita kunyanja?"

"Kambirimbiri. Ku Chitimba kuli azakhali anga, amayanika usipa."

"Pamenepo dziko likung'ambika," anatero. "Nyanja yanuyi ndi mng'alu umene madzi anadzazamo. Phiri limene umatsikalo ndi mlomo wa mng'aluwo. Ukukulabe mpaka lero, pang'onopang'ono kuposa mmene chikhadabo chako chimakulira."

Ndinayang'ana zikhadabo zanga. Ine ndinatsika phiri limenelo ndikungoganiza za mabuleki, osadziwa kuti ndikuyenda pamwamba pa chinthu chimene chikusuntha. Kuyambira tsiku limenelo ulendo uliwonse unali sukulu. Tikadutsa chimwala chachikulu chili chokhachokha pakati pa munda wa chimanga, ankandiimitsa n'kundiuza kuti mwalawo si wa kuno, unabwera utanyamulidwa ndi madzi oundana amene kalekale anakwirira dera lonselo, okhuthala kuposa nyumba yaitali iliyonse imene ndinaionapo. Ndinkangoti, "Yewo chomene, Adada," ngati andipatsa kanthu m'manja.

Chimene chinawachotsa pa chiwongolero anandiuza okha. Akazi awo, Amama Ruth, ndi amene ankayendetsa mapepala onse a m'nyumba chikwatirane. Matenda oiwalaiwala atayamba kuwalowa mwakachetechete, inshuwalansi ya galimoto inatha popanda wozindikira. Ndiye tsiku lina Adada Walter, amene anali ndi matenda a shuga, anachita chidima m'maso ali pa maloboti. Galimoto inakwera m'mbali n'kukagunda kakhoma ka maluwa pachipata cha koleji. Palibe anavulala kupatula chipumi chawo. Koma apolisi atapeza kuti galimotoyo ilibe inshuwalansi, boma linaimitsa laisensi yawo. Pasanapite nthawi Amama Ruth anawasamutsira ku nyumba yosungira okalamba, kutsidya kwa mtsinje.

Masana aliwonse ndinkawapititsa Adada Walter kumeneko. Amama Ruth anali munthu wochepa thupi, waulemu kwambiri. Akaona amuna awo akulowa ankamwetulira n'kufunsa kuti, "Mwabwera kudzaona ndani, bambo?"

"Ndabwera kudzaona inu," ankayankha Adada Walter, n'kukhala pambali pawo mpaka dzuwa kupendeka.

Lamulungu lina anamwino anatilola kuti tiwatenge akapitidwe mphepo. Ine ndinali pa chiwongolero, awiriwo kumbuyo. Tisanafike ndi pamlatho pomwe, Amama Ruth anayamba kumenya mpando wanga.

"Imani! Ameneyu ndani? Walter ali kuti?"

"Ndili pano, Ruth," anatero amuna awo, atawagwira dzanja.

"Ndisiyeni, bambo inu! Ine sindikwera galimoto yoyendetsa munthu wina. Amayendetsa ndi mwamuna wanga. Walter ali kuti?"

Tinabwerera. Titafika kunyumba ndinazimitsa injini, koma Adada Walter sanatsike. Anagwira mutu wa mpando wanga.

"Wamva?" anatero. "Dzina langa akulikumbuka. Imene yamusokonekera ndi nkhope. Moyo wathu wonse ine ndinkayendetsa, iye ali pambali ndi mapu. Akundifunafuna pampando uwu. Ndikufuna laisensi yanga ibwerere."

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ellen, ankakhala kutali m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo ndi iye amene ankandilipira. Atamva nkhaniyi anakuwa pa foni mpaka ndinamva ndili kukhitchini. "Adadi, mukufuna mudzaphe munthu? Ulendo uja anali maluwa, ulendo wina adzakhala mwana wa eni!" Kenako anaimbira ine kuti ndibise makiyi. Madzulo ake ndinawafotokozera anzanga kunyumba. Gondwe anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Iwe, ganiza bwino. Mdalayo akayamba kuyendetsa yekha, dalaivala ndi wa chiyani? Ukufuna ubwerere ku mbale?"

Sananame. Chigayo cha ku Mwazisi chinali chikudikira injini, ndipo ntchito imeneyi inali yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Koma ndinali nditamva mawu a mayi aja akuitana mwamuna amene wawagwira dzanja. Mawa lake ndinamuuza Ellen kuti makiyi sindingawabisire mwini wake, koma ndikulonjeza kuti sadzagwira chiwongolero popanda chilolezo cha boma. Ellen anapumira m'mwamba. Anati dokotala akavomera, boma likavomera, a inshuwalansi akavomera, iye sadzatsegulanso pakamwa. Ndinamva m'mawu ake kuti sankayembekezera kuti ngakhale mmodzi mwa atatuwo angavomere.

Dokotala anawamata Adada Walter pamkono kanthu konga batani la jekete. Kanthuko kankayeza shuga m'magazi usana ndi usiku, ndipo akayamba kutsika foni inkalira iwo asanamve ndi chizungulire chomwe. Ine ndinali nditaona amalume anga ku Bolero akumwalira ndi matenda omwewo, tonse tikuganiza kuti angogona. Ndinkayang'ana batanilo ndi mantha osakanikirana ndi ulemu. Itadutsa miyezi ingapo popanda vuto, dokotala anasaina.

Ku ofesi yopereka malaisensi anatiuza kuti munthu amene laisensi yake inaimitsidwa chifukwa chosowa inshuwalansi sangangobwera ndi inshuwalansi wamba. Pamafunika kampani imene ilonjeze ku boma kuti munthuyu yamutenga, ndiponso kuti tsiku limene adzasiye kulipira, iyo idzauza boma nthawi yomweyo. Zikatero m'pamene angalembenso mayeso.

Apa m'pamene panavuta. Kampani imene Adada Walter anakhala nayo chiyambire kuyendetsa galimoto inawakana pa foni. Poyamba ankalankhula ndi makina, dinani wani, dinani thuu, kenako kunabwera mawu a mnyamata aulemu kwambiri amene anapepesa bwinobwino n'kukana. Anayesa ina, inakana. Inanso chimodzimodzi. Zaka zawo, ngozi ija, ndi nthawi imene anakhala opanda inshuwalansi, zitatuzi zikakumana pakompyuta, khomo linkatsekeka. Tsiku lina ndinawapeza atakhala patebulo, foni ili chafufumimba.

"Ndaphunzitsa theka la tauni ino," anatero chapansipansi. "Lero ndine munthu woopsa."

Amene anatitsegulira njira ndi Papa Didier. Anati kuseri kwa msewu wa mabala a ana asukulu kuli mayi wina, Mayi Rosa, amene ntchito yake ndi yopezera inshuwalansi anthu amene ena onse awakana. Tinapita. Kaofesi kake kanali kopanikizika pakati pa malo ochapira zovala ndi shopu yojambula zithunzi pakhungu. Adada Walter anavala jekete ndi tayi ngati akupita kukaphunzitsa. M'katimo munadzaza ana asukulu, ena anagwidwa akuyendetsa ataledzera, ena liwiro. Mtsikana wina wa ndolo pamphuno anaimirira n'kuwapatsa mpando.

"Inunso, agogo? Munapalamula chiyani?"

"Ndinagunda maluwa," anayankha.

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire nkhani ya mafoni ija.

Mayi Rosa anali mzimayi wojintcha, magalasi ake atamangirira ku kaunyolo. Adada Walter anayamba kufotokoza mbiri yonse mwandondomeko, koma mayiyo anakweza dzanja.

"Bambo, aliyense wolowa pakhomo ilo analakwitsapo kanthu. Ine si khoti. Ndikufuna ndidziwe za mawa. Galimotoyo mukufuna muzipita nayo kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje. Kukatenga mkazi wanga, kuzungulira naye pang'ono, n'kumubweza."

Mayi Rosa anavula magalasi, n'kuwayang'ana kwa kanthawi. Kenako anatembenukira ku kompyuta. Anafufuza, anaimba foni, anakangana ndi munthu wina m'chinenero chimene sindinachimve, anaimbanso kwina. Pamapeto pake anati wapeza kampani imodzi. Mtengo wake unali wowawa, sanabise. Anati m'galimotomo aikamo kabokosi pansi pa chiwongolero, koona liwiro, mmene akupondera buleki ndi nthawi imene akuyenda. Anawalangizanso kuti malipiro azichoka okha ku banki mwezi ndi mwezi, kuti pasadzakhalenso za kuiwala, chifukwa akangodumphitsa kamodzi laisensi idzaimitsidwanso. Adada Walter anavomera zonse. Mayiyo anadina batani limodzi.

"Basi. Boma lalandira."

Ine ndinalephera kudzigwira. "Pepani mayi, lalandira liti?"

"Panopa. Mmene mukufunsamu."

Kwathu pepala limayenda ndi munthu, limakwera minibasi, limagona kwa achibale ku Mzuzu. Apa linadutsa mumphepo tiyi wa Mayi Rosa asanazizire. Koma chimene chinandizunguza mutu kwambiri si liwirolo ayi. Moyo wanga wonse wa udalaivala, inshuwalansi ndinkaiona ngati kapepala komata pagalasi kuti apolisi apamsewu akulole kudutsa. Pobwerera Adada Walter anandifotokozera kuti ndalama za anthu onse aja, mtsikana wa ndolo pamphuno uja, anyamata oledzera aja, ndi iwo omwe, zimapita m'thumba limodzi, kuti mmodzi akadzalakwitsa, wovulazidwayo asadzasiyidwe yekha. Ndinaganiza za kwathu, mmene timasonkhera ufa ndi nkhuni maliro akachitika. Kuno amasonkha tsoka lisanagwe, ndipo osonkhawo sadziwana ndi maina omwe. Anthu achilendo anali atavomera kusenza nawo katundu wa nkhalamba imene sanaionepo.

A boma anawapatsa Adada Walter chilolezo cha wophunzira, ndipo mphunzitsi ndinali ine. Sukulu inali itatsekera, choncho tinkapita pamalo oimikapo magalimoto a bwalo la mpira la koleji, malo aakulu ngati bwalo la ndege, opanda ndi galimoto imodzi yomwe. Tsiku loyamba Adada Walter anaponda buleki mpaka chipewa chinagwa.

"Adada, mwaponda ngati mwakumana ndi njovu ya ku Vwaza. Pang'onopang'ono, kabokosi kaja kakumva."

"Kazitape ameneyu," anatero, akuloza pansi pa chiwongolero. "Ruth yekha ndi amene ankandiyang'anira chonchi."

Manja awo anakumbukira msanga. Chimene chinakana ndi khosi. Mayeso oyamba analephera chifukwa posintha mbali ya msewu sanacheuke mokwanira. Anatuluka m'galimoto nkhope ili yogwa, n'kundipatsa makiyi osandiyang'ana. Mlungu womwewo Amama Ruth anadwala chibayo, ndipo anamwino anayamba kulankhula motsitsa mawu. Ndinkaganiza kuti basi, nkhani yathera pomwepo. Koma mmawa wina ndinawapeza atakhala pampando wa kukhitchini, manja atagwira mbale ngati chiwongolero, akutembenuza khosi kumanzere, kumanja, mano atalumana ndi ululu.

"Ima kumbuyo kwangaku," anatero. "Kweza zala. Ndizikuuza kuti ndi zingati."

Tinachita zimenezo mmawa uliwonse. Amama Ruth anachira, ngakhale anatsala ofooka moti ankayenda pa njinga ya olumala. Ulendo wachiwiri Adada Walter anakhoza. Laisensi inabwerera ili ndi malire ake, kuyendetsa masana okha, osalowa m'misewu ikuluikulu. Iwo anati sakufunanso china choposa pamenepo.

Ellen anasunga mawu ake. Sanatsutsenso, koma anakwera ndege kubwera kuti adzaone yekha. Inali nyengo imene masamba amasintha mtundu. Kwathu mitengo ya mombo imafiira ikamaphuka, koma kumeneko mitengo imayaka ikamafuna kuyoyola masamba, ina yofiira, ina yachikasu, msewu wonse ngati wayatsidwa nyali masanasana. Adada Walter anayendetsa okha kuchokera kunyumba mpaka kutsidya, ine ndi Ellen tili kumbuyo. Ellen anagwira chogwirira cha chitseko ulendo wonse.

Titafika Adada Walter anatiuza kuti iwo satsika. Anavala chipewa chawo chakale, manja onse pa chiwongolero, maso kutsogolo. Namwino anabweretsa Amama Ruth, n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, n'kuwamanga lamba. Chitseko chinatsekedwa. Amama Ruth anayang'ana pagalasi lakutsogolo, anayang'ana manja amene anali pa chiwongolero, kenako anakonza siketi yawo pamaondo.

"Wachedwa, Walter," anatero.

Ndinaona makutu a Adada Walter akufiira. Mawu awo anatuluka osanjenjemera. "Pepa, Ruth. Panali zina zoti ndikonze."

"Nthawi zonse umatero. Tiye. Pa tchalitchi ukhotere kumanja, usalakwitsenso."

Galimoto inanyamuka bwinobwino, ngati yanyamula mazira. Pa tchalitchi anakhotera kumanja. Amama Ruth anatambasula dzanja n'kuliika kumbuyo kwa khosi la amuna awo, khosi lomwe lija linativutitsa, n'kumalisisita ndi chala chachikulu osaganizira n'komwe. Ellen anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Misozi inkangotsika, osatulutsa mawu. Tinatsata mtsinje. Pamwamba pathu panadutsa atsekwe akutchire ambirimbiri atandanda ngati mutu wa muvi, akulira, ndipo Amama Ruth anawaloza n'kunena kuti chaka chino afulumira. Anakamba za denga limene likudontha, za mnansi wina amene anamwalira kalekale, za nsapato zimene Walter ayenera kutaya. Kenako anadzidzimuka.

"Walter, mwana tamusiya ndi ndani?"

Ellen anayankha kuti, "Ndili pano, amami. Kumbuyo kuno."

Amama Ruth sanacheuke. "Chabwino. Ukhale bwinobwino, usatulutse mutu pawindo."

Ine ndaona zinthu pamoyo wanga. Ndinaonapo nyalugwe atakhala pakati pa msewu ku Nyika, nkhungu ikumuzungulira, alendo onse atasiya kupuma. Koma sindinaonepo chinthu chonga chimene ndinaona masana amenewo, munthu amene anasochera m'mutu mwake akupeza njira yobwerera kwawo, chifukwa choti wina wakhala pampando woyenera. Ndinkachita mantha ngakhale kumeza malovu.

Titabwerera, Adada Walter anatsika n'kuzungulira kukatsegula chitseko cha akazi awo. Amama Ruth anawayang'ana kumaso n'kumwetulira mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, bambo. Mwatithandiza."

Mtima wanga unagwa. Koma Adada Walter anangowerama pang'ono, n'kuvula chipewa. Namwino atawatenga Amama Ruth, amuna awo anatembenukira kwa ife nkhope ikuwala ngati ya mnyamata.

"Mawanso," anatero.

Ndipo tinapitadi mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka masamba onse anayoyoka. Masiku ena Amama Ruth ankangogona ulendo wonse. Masiku ena ankawazindikira galimoto isananyamuke n'komwe. Ellen sanandichotse ntchito, anati ndizikhala kumbuyo nthawi zonse, maso pa foni ya shuga ija. Chipale chitayamba kugwa maulendo anaima, ndipo m'kati mwa nyengo yozizirayo Amama Ruth anatisiya. Maliro atatha, Adada Walter anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa Mayi Rosa. Anakathetsa inshuwalansi ija okha, n'kuthokoza mayiyo pogwirana chanza ndi manja awiri, monga ndinawaphunzitsira kuti ndi mmene timachitira kwathu. Laisensi anakaibweza ku boma tsiku lomwelo. Anati ntchito yake yatha. Kenako anasamukira kwa Ellen, ndipo ine ndinabwereradi ku mbale, monga ananenera Gondwe. Gondweyo sanandiseke. Nditamufotokozera za ulendo wa Amama Ruth uja, anapita kukaimbira foni amayi ake ku Hewe.

Ndinakhalako zaka zina zambiri, mbale nditazisiyanso, ndikusamalira okalamba ena. Bambo anga anamwalira ndili komweko, maliro ndinaonera pa foni nditakhala pa bedi lotola, Papa Didier akuimba nyimbo pambali panga. Mawondo atayamba kudandaula ndi kuzizira, ndinadziwa kuti nthawi yakwana.

Minibasi inanditula pa Bolero dzuwa lili paliwombo. Ndinkayembekezera kuti wina abwera ndi njinga yamoto. Ndikuyang'anayang'ana, mtsikana wamtali anabwera n'kugwada pang'ono, n'kunditenga chikwama. "Monire, adada." Ndinachita kufunsa mumtima kuti ameneyu ndi mwana wa ndani. Anali Tiyezge. Ananditsogolera kuseri kwa magolosale kumene kunaima kalole kakang'ono kodzaza matumba a chimanga. Pambali pake panaima NyaMsiska, atanenepa pang'ono, imvi zikuonekera m'mphepete mwa duku, makiyi ali m'manja.

Tinapatsana moni wautali, wofunsana za onse. Kenako ine, mwachizolowezi, ndinatambasula dzanja kuti andipatse makiyi.

"Ayi, awisi Tiyezge," anatero. "Khalani uko. Msewu uwu unasintha, inu simukuudziwa."

"Dalaivala ali kuti?"

"Mukumuona."

Ndinakwera mbali inayo, chikwama chaching'ono ndachiika pamaondo ngati mlendo. Analiza injini, anacheuka, analowa mumsewu. Phula litatha, fumbi linayamba, ndi mabampu, ndi mchenga uja umene unkatitimiritsa ife madalaivala odzitama. NyaMsiska anatsitsa giya asanafike pamchengapo, osayang'ana n'komwe dzanja lake, galimoto n'kudutsa ngati pamsewu wa tauni. Apo n'kuti akundiuza amene anakwatiwa, amene anasamuka, ndi zoti chigayo chikufuna malamba atsopano.

"Munaphunzira liti zimenezi?" ndinafunsa.

"Mumaganiza kuti chimanga chimadziyendera chokha kupita ku chigayo?"

Tiyezge anaseka. Ine ndinangoyang'ana mkazi amene ndinakhala ndikumutumizira ndalama zaka zonsezo ndikuganiza kuti akungodikira, akuzemba maenje, akuimbira hutala ng'ombe, akukweza dzanja kupatsa moni anthu amene ine sindinkawadziwa. Mapiri a Nyika anali kumanja kwathu, abuluu, osasintha. Titafika pakhomo la nyumba ya malata imene ndinkangoidziwa pa zithunzi, anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, n'kukoka handibuleki, n'kuzimitsa injini. Ine ndinali ndidakali phee pampando.

"Tsikani," anatero NyaMsiska. "Mwafika."